Liu Limodzi, Matanthauzo Ambiri

1. FANIZO LA MNYAMATA WA NYEMBA

Cherani khutu, mumve fanizo ili.

Padali mnyamata wina wa kufupi ndi Mandimba amene adaphunzira Cingerezi pang'ono kusukulu. Aphunzitsi adamuuza kuti munthu akamfunsa za moyo wake, aziyankha kuti "I am fine", ndiye kunena kuti, ndili bwino. Mnyamatayo adasunga liu limeneli mumtima mwake. Tsiku lina adamanga thumba la nyemba panjinga, naoloka malire kuti akagulitse ku msika wa ku Malawi. Panjira adamuimitsa mkulu wina wa boma. Mnyamatayo, pofuna kuonetsa kuti ngwophunzira, adalonjera m'Cingerezi, ndipo mkuluyo poona conco adapitiriza kulankhula Cingerezi cokhacokha. Adafunsa zikalata za katundu, koma padalibe. Tsono adatenga kapepala, nalembapo mau angapo ndi ciwerengero ca ndalama, nampatsa. Pamwamba pa kapepalako padali liu lija lakuti "fine".

Mnyamatayo adakondwa. Adati mumtima mwake: "Alemba kuti zonse zili bwino." Adathokoza, napinda kapepala kaja, napitiriza ulendo wake. Patapita sabata adabweranso ndi thumba lina, ndipo atamuimitsa adatulutsa kapepala komweko monyada, ngati cilolezo. Apo ndi pamene adamuuza m'Cinyanja kuti kapepalako kadali ka cindapusa, ndalama zoti alipire cifukwa ca kulakwa. Adamlanda njinga kufikira atalipira, ndipo phindu lonse la nyemba lidathera pomwepo.

Kodi aphunzitsi ake adamnamiza? Iai. Liu lakuti "fine" litanthauzadi kuti bwino, koma liu lomwelo litanthauzanso cindapusa. Mnyamatayo adadziwa tanthauzo limodzi, nayesa kuti wadziwa liu lonse, ndipo manyazi adamletsa kufunsa. Makolo athu adati: safunsa adadya phula.

Phunziro lathu la lero ndi ili: liu silimveka pa lokha. Limveka ndi mau anzake amene ayenda nalo, ndi malo amene lalembedwa.

2. CIFUKWA CIANI IFE A KU NIASSA TIPHUNZIRE ZA CINGEREZI?

Wina adzati: "Cilankhulo ca boma lathu ndi Cipwitikizi, ndipo pamudzi tilankhula Cinyanja, Ciyao kapena Cimakua. Nanga Cingerezi tili naco ciani?" Yankho lake lili pa malire a dziko lathu. Mozambique acita malire ndi maiko 6: Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Eswatini, ndipo onsewa amagwiritsa nchito Cingerezi pa zikalata za boma. Ngakhale dziko lathu silidalamulidwe ndi Angerezi, m'caka ca 1995 lidalowa m'bungwe la Commonwealth, limene cilankhulo cake ndi Cingerezi.

Kuno ku nyanja Cingerezi cidafika kale. Amishoni a mpingo wa Anglican adakhazikika pa cisumbu ca Likoma m'caka ca 1885, nagwiranso nchito ku Messumba ndi m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja. Likoma ndi Chizumulu ndi zisumbu za Malawi, koma zili pafupi ndi gombe lathu, ndipo munthu ali ku Cóbuè amaona Likoma ndi maso. Azigogo athu ambiri adapita kukagwira nchito ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Rhodesia. Pa nthawi ya nkhondo imene idatha ndi cipangano ca mtendere ca ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu a dziko lino oposa 1,000,000 adathawira ku Malawi, ndipo ana ao ena adaphunzira m'masukulu a komweko. Masiku ano mau a Cingerezi tiwapeza pa botolo la mankhwala, pa paketi ya mbeu, ndi m'foni imene ili m'thumba mwathu.

Munthu wa ku Mangochi mulankhulana naye bwino m'Cinyanja kapena m'Ciyao. Koma pepala limene adzakupatsani ku ofesi, ku cipatala kapena ku banki kawirikawiri lidzakhala la Cingerezi, ndipo pepala silibwereza mau mukapanda kumva.

3. CINYANJA CATHU CICITA CIMODZIMODZI

Tisaganize kuti khalidwe limeneli nla Cingerezi cokha. Taonani mau athu.

Mai akafika pa msika wa ku Lichinga nafunsa mtengo wa usipa, palibe amene amthamangira kuthengo kukadula mtengo. Tikati mwezi wawala, tinena za umene uli kumwamba; tikati ndidzabwera mwezi wa mawa, tiwerenga masiku. Munthu amanga nyumba, amanga mtolo wa nkhuni, amanga mbala, amanganso ukwati. Timva mau, timva njala, timva fungo, timva kuwawa. Ndipo mwana wosamva si wogontha m'khutu, koma wokana malangizo. Ngakhale liu lakuti mtanda lili pawiri: ulipo mtanda wa pa chalichi, uliponso mtanda wa nsima.

Nanga bwanji sitisokonezeka? Cifukwa tidayamwa cilankhulo cimeneci, ndipo khutu lathu limagwira mau onse pamodzi. Mlendo ndiye amavutika. Mbusa David Clement Scott wa ku Blantyre adasindikiza buku lomasulira mau a Cimang'anja m'caka ca 1892, ndipo Abambo a cipani ca Ajezuiti adasindikiza lomasulira Cinyanja m'Cipwitikizi ku Lisboa m'caka ca 1963. Anthu amenewa adali ophunzira kwambiri, koma adayenera kukhala pansi ndi eni cilankhulo, nafunsa liu limodzi kambirimbiri. Ngati iwo sadacite manyazi kufunsa za mau athu, ifenso tisacite manyazi kufunsa za mau ao.

4. MAU AFUPI NDIWO ASENZA KATUNDU WAMBIRI

Ku Oxford, m'dziko la Mangalande, kumakonzedwa buku lalikulu lomasulira mau a Cingerezi, dzina lake Oxford English Dictionary. Pamene lidasindikizidwa kaciwiri m'caka ca 1989 lidali la mabuku 20, ndipo kaliu kakang'ono kakuti "set" kadali ndi matanthauzo 430. Atakonzanso bukulo, m'caka ca 2011 adawerenga matanthauzo 645 a liu lakuti "run".

Mwana wa sukulu amaphunzira kuti "run" ndi kuthamanga. Koma Mngerezi amanena liu lomwelo madzi akamayenda m'mtsinje, cigayo cikamalira, munthu akamayendetsa sitolo, ndiponso mamina akamatuluka m'mphuno mwa wodwala cimfine.

Apa tiphunzira cinthu codabwitsa. Mau atali ndi obvuta kuchula kawirikawiri ali ndi tanthauzo limodzi kapena awiri. Mau afupi, amene tiwaphunzira poyamba ndi kuwayesa apafupi, ndiwo ali ndi matanthauzo oculuka. Ali ngati mpeni wa pakhomo, umene usenda cinangwa, utumbula nsomba, usema mpini, ndi kudula cingwe. Cida cimene cigwira nchito masiku onse cipatsidwa nchito zambiri.

5. MATANTHAUZO AMENEWA ACOKERA KUTI?

Pali njira zitatu.

Njira yoyamba: liu limodzi limakula, nilicita nthambi. Liu lakuti "charge" lidacokera ku liu la Cilatini lonena za kupakira katundu m'ngolo, ndipo mbale wake pa Cipwitikizi ndi carregar. Tsono wogulitsa akakusenzetsa mtengo woti ulipire, amati "charge". Apolisi akakusenzetsa mlandu, amati "charge". Kudzaza moto m'batire ya foni, kumene ife timati kuchaja, ndi liu lomwelo. Ndipo munthu amene asenza udindo woyang'anira anzake amati ali "in charge". Nthambi nzambiri, koma tsinde ndi limodzi: kusenzetsa. Liu lija la mnyamata wa nyemba lili cimodzimodzi. Lidacokera ku liu la Cilatini finis, kunena kuti mathero, limene pa Cipwitikizi ndi fim. Cinthu cimene atha kucikonza ncabwino, ndipo ndalama zimene zithetsa mlandu ndi cindapusa.

Njira yaciwiri: mau awiri osiyana amakomana, nafanana maonekedwe. Cingerezi cidalandira mau kwa mitundu yambiri, makamaka William wa ku Normandy atagonjetsa Mangalande m'caka ca 1066, pamene mau a Cifalansa ndi a Cilatini adalowa oculuka. Liu lakuti "bank" lidalowa kawiri. Lina linena gombe la mtsinje. Lina linena nyumba yosungira ndalama, ndipo lidacokera ku Italy, kumene osintha ndalama ankagwira nchito yao pa thabwa lochedwa banca. Inu amene mudziwa Cipwitikizi mukumbukira kuti banco ndi mpando, ndiponso ndi banki.

Liu lakuti "mine" litionetsa njira ziwiri zonsezi. Poyamba litanthauza canga kapena wanga. Palinso liu lina lolembedwa cimodzimodzi, lonena mgodi, kumene azigogo athu ankakumba golide. Kale asilikali ankakumba njira ya pansi pa nthaka kufikira kunsi kwa linga la adani, naikamo wonga. Motero liu la mgodi lidayamba kutanthauzanso bomba lokwirira pansi. Akuluakulu pakati panu adziwa masautso amene mabomba otere adadzetsa m'minda ndi m'njira zathu, kufikira m'caka ca 2015 pamene boma lidalengeza kuti malo onse odziwika ayeretsedwa. Pa cikwangwani ca masiku amenewo, kusiyanitsa matanthauzo a liu limeneli kudali kusiyanitsa moyo ndi imfa.

Njira yacitatu: kaliu kakang'ono kotsata pambuyo kamasintha tanthauzo lonse. "Look" ndi kuyang'ana. "Look for" ndi kufunafuna. "Look after" ndi kusamala. "Look out" ndi kucenjera. "Give" ndi kupatsa, koma "give up" ndi kuleka kapena kutaya mtima. Ife timacita zimenezi polumikiza mcira ku liu: kuona, kuonera, kuonetsa, kuoneka. Angerezi mcirawo amaulemba padera, ndipo wowerenga mofulumira amaudumpha.

6. MAU OYENERA KUCENJERA NAO

Ku cipatala. "Take" ndi kutenga, koma pa pepala la mankhwala ndi kumwa. "Patient" ndi munthu woleza mtima, ndiponso ndi wodwala. "Positive" pa nkhani za masiku onse ndi cinthu cokondweretsa, koma akayeza magazi a mwana nalemba liu limeneli, ndiye kuti nthenda imene amaifunafuna, monga malungo, yapezeka, ndipo mwanayo asowa mankhwala msanga. "Well" ndi kukhala bwino m'thupi, komanso ndi citsime.

Pa za ndalama. "Interest" ndi cidwi, koma pa pepala la ngongole ndi ciongoladzanja, ndalama zoonjezera zimene mudzabweza pamwamba pa zimene mudakongola. "Free" ndi mfulu, ndiponso ndi cinthu caulere; koma likatsata dzina la cinthu, monga "sugar free", litanthauza kuti mulibe shuga. "Sign" ndi cizindikiro, komanso ndi kusaina dzina, ndipo mukasaina mwabvomera zonse zolembedwa pamwamba pa dzina lanu.

Pa milandu. "Sentence" ndi ciganizo cimene mwana alemba m'kope, komanso ndi cilango cimene woweruza apereka. "Case" ndi bokosi la zobvala, ndiponso ndi mlandu. "Right" ndi dzanja lamanja, ndi cinthu coona, ndiponso ndi ufulu umene munthu ali nao pa malamulo, monga momwe direito pa Cipwitikizi lili ndi nchito zingapo.

Panjira. "Left" ndi kumanzere, ndipo "keep left" ndi lamulo la pamseu ku Malawi monganso kuno kwathu. Koma akanena za basi kuti "it has left", ndiye kuti yapita kale. Ndipo "two left" ndiye kuti zatsala ziwiri.

M'chalichi. Ena mwa inu mudzapemphera kumene Misa icitika m'Cingerezi. "Mass" ndi Misa, kucokera ku liu la Cilatini missa. Koma lilipo lina lolembedwa cimodzimodzi, lonena unyinji kapena mulu wa cinthu, mbale wake wa massa ya pa Cipwitikizi, ufa wokanda. "Cross" ndi mtanda, ndi kuoloka mtsinje kapena mseu, ndiponso ndi kukwiya. "Lent" ndi nyengo ya Lenti, masiku 40 okonzekera Pasaka, imene pa Cipwitikizi amati Quaresma. Dzinalo lidacokera ku liu lakale lonena nyengo imene usana uyamba kutalika ku Ulaya. Koma liu lomwelo linenanso kuti munthu adabwereketsa cinthu. Apa cilembo cacikulu cimathandiza, pakuti Misa ndi Lenti amazilemba ndi cilembo cacikulu poyamba.

7. MAU AMENE TIDABWEREKA

Cinyanja cidabwereka mau ambiri. Kwa Apwitikizi tidatenga nsapato, kalata ndi kapitao. Kwa Angerezi tidatenga sukulu, buku, sopo, botolo ndi ena ambiri. Koma pobwereka liu timatenga tanthauzo limodzi, ena nkuwasiya, ndipo pamenepa pali msampha.

Sitolo idacokera ku liu lakuti "store". Ife tidziwa sitolo yogulamo mcere ndi nsalu. Koma pa paketi ya mbeu kapena pa botolo la mankhwala liu limeneli ndi lamulo: sungani. Akalemba "store in a cool dry place", akuti sungani pamalo pozizira ndi pouma. Buku lidacokera ku "book", koma liu lomwelo linenanso kusungitsa malo m'basi kapena m'nyumba ya alendo. Kalasi ife timati cipinda ca sukulu, kapena gulu la okonzekera ubatizo monga inu; koma "class" linenanso kusiyana kwa malo m'sitima, a mtengo wapatali ndi a mtengo wocepa.

Nthawi zina ndife amene tidakulitsa liu. Sitima idacokera ku "steamer", ngalawa yoyenda ndi nthunzi. Yoyamba pa nyanja yathu idali Ilala, imene idafika m'caka ca 1875 ndi amishoni a ku Scotland. Pambuyo pake anthu ataona cinthu cina cofuka utsi cikuyenda pa njanji, adaticonso ndi sitima, nasiyanitsa ya pamadzi ndi ya pamtunda. Mngerezi sanganene "steamer" za sitima ya pamtunda imene idafika ku Vila Cabral, Lichinga wa lero, m'caka ca 1969.

Inu odziwa Cipwitikizi cenjeraninso ndi mau ofanana nkhope. Pa citseko akalemba "push", akuti kankhani. Koma puxe ya pa Cipwitikizi, imene imveka pafupifupi cimodzimodzi, ndi kokani. "Parents" ndi bambo ndi mai okubalani okha, pamene parentes ndi abale onse. Pepala likafunsa dzina la "parent", musalembe la amalume.

8. MALANGIZO ANAI

Loyamba: werengani ciganizo conse musanamasulire liu limodzi. Onani mau a kutsogolo ndi a kumbuyo kwake, osaiwala timau tating'ono.

Laciwiri: dzifunseni kuti, kodi ndili kuti, ndipo wandipatsa pepalali ndani? Liu la m'cipatala limveka mwa cipatala, la ku bwalo la milandu limveka mwa milandu. Mnyamata uja akadaganiza kuti wa boma salemba ndalama pa pepala lolonjera, akadakayika.

Lacitatu: mukatsegula buku lomasulira mau, musaime pa tanthauzo loyamba. Matanthauzo amaikidwa m'ndandanda, 1, 2, 3, ndipo limene mulifuna lingakhale lacisanu.

Lacinai: pa nkhani ya mankhwala, ngongole, munda ndi mlandu, funsani kuti akulongosolereni m'cilankhulo cimene mucimva, ndipo mubwereze zimene mwamva kuti aone ngati mwamvetsa. Musasaine pepala limene simudalimve.

Palinso mau kwa inu amene mudziwa Cingerezi kuposa anzanu. Nkhalamba ikadza ndi kalata ya mwana wake wa ku Johannesburg, kapena mai akadza ndi pepala la ku cipatala, iwo aika moyo wao m'manja mwanu. Mukafika pa liu limene simulidziwa bwino, nenani poyera kuti apa tikafunse wina. Kungopeka tanthauzo poopa kucepetsedwa ndi kunamiza munthu amene wakukhulupirirani.

9. MAFUNSO NDI MAYANKHO

F. Kodi liu limodzi lingakhale ndi matanthauzo ambiri?
Y. Inde, m'Cingerezi ndi m'Cinyanja momwe.

F. Ndi mau otani amene ali ndi matanthauzo oculuka?
Y. Mau afupi, a masiku onse, amene tiwayesa apafupi.

F. Matanthauzo amenewa acokera kuti?
Y. Liu limacita nthambi. Mau awiri osiyana amafanana maonekedwe. Ndipo kaliu kotsata kamasintha tanthauzo.

F. Tidziwa bwanji tanthauzo loyenera?
Y. Poona mau anzake, malo amene tili, ndi munthu amene walemba.

F. Mnyamata wa nyemba adalakwa pati?
Y. Adakhulupirira tanthauzo limodzi limene adalidziwa, nacita manyazi kufunsa.

F. Ticite ciani tikakayika?
Y. Tifunse tisanamwe, tisanalipire, tisanasaine.

10. ZOCITA SABATA INO

Aliyense afunse agogo kapena mkulu wina wa pamudzi mau atatu a Cinyanja kapena a Ciyao amene ali ndi matanthauzo awiri kapena oposa, nawasunge pamtima. Amene ali ndi paketi ya mbeu, botolo la mankhwala kapena pepala lina lolembedwa m'Cingerezi abwere nalo pa tsiku la phunziro lotsatira, kuti tidzawerenge pamodzi, liu ndi liu.